Penti Wobiriwira pa Sitima ya a Dadu

1. Chigamulo

Ku Kharagpur, m'dziko la India, mbali ya nyumba za ogwira ntchito kunjanji, mkangano subisika. Nyumba n'zogundana, ndipo mwezi wa Seputembala palibe amene amatseka zenera chifukwa cha kutentha. Chaka chimenecho ndinkagona kachipinda koyandikana ndi banja la a Pramanik. Zina mwa izi ndinazimva ndekha, zina anandiuza eniake mitima itazizira.

Kunali kutatsala masiku awiri kuti lifike tsiku la Bishwakarma, mulungu wa amisiri. Piyali, mtsikana wa m'banjamo wa zaka khumi ndi zisanu, anali kugawa chakudya chamasana pamene agogo ake aamuna, amene ankawatchula kuti a Dadu, anagogoda pansi ndi ndodo yawo.

"Sitima ija tikugulitsa," anatero.

Piyali anaima, chipande cha mphodza chili m'manja.

"Sitima iti?"

"Tili ndi sitima zingati m'nyumba muno?" anayankha a Kaku Subol, ang'ono awo a malemu bambo ake. "Kapena pali ina unabisa kunsi kwa bedi?"

Sitimayo inali yoseweretsa, ya malata, yoyendera kiyi. Inali ndi injini yofiirira, mabogi anayi, njanji zolumikiza kukhala bwalo, ndi kanyumba ka siteshoni. Inapangidwa ku Mangalande a Dadu asanabadwe. Woyendetsa sitima wina wachizungu, pobwerera kwawo, anawasiyira bambo awo a a Dadu, amene ankamukonzera injini.

Chaka chonse inkakhala m'bokosi lake la katoni pamwamba pa kabati. Inkatuluka kamodzi kokha, patsiku la Bishwakarma, tsiku limene makina onse amavekedwa maluwa n'kupuma. Kukacha tsiku linalo, bambo ake a Piyali ankapukusa kiyi, ana a mumsewu wonse n'kudzazana pakhonde.

Koma bambowo anali atamwalira nyengo ya mvula yapitayo. Nyumba inali ya kuntchito kwawo, ndipo nthawi imene banjalo linapatsidwa inali kutha ndi mwezi womwewo. Zipinda ziwiri zinapezeka tsidya la msika, koma mwini wake ankafuna ndalama ya miyezi ingapo asanapereke makiyi.

"Gulitsani njinga yamoto ya a Kaku," anatero Piyali.

"Njinga imeneyo ndi imene imandifikitsa kokonza magetsi," anatero a Kaku. "Mpunga uli m'mbale yakowo wabwera pa njinga yomweyo."

"Inu munayamba kuisuzumira sitimayo tsiku la maliro lomwe. Ndinakuonani."

"Piyali, pakamwa pako," anatero amayi ake.

"Musiyeni, alamu, alankhule. Wakula. Mawa akatipezera yekha pogona."

A Dadu anagogodanso pansi. Maso awo anali ndi ng'ala, koma makutu ndi mawu zinali zikadali zakuthwa.

"Tamvera kuno, mwana iwe. Amene waganiza zogulitsa ndi ine, si Subol ayi. Sitima imeneyi ndinaigwira ndisanadziwe kuwerenga. Ukuganiza kuti ikundipweteka pang'ono kuposa iwe? Ndagwira ntchito m'nyumba yokonzera injini mpaka tsitsi lonseli kuyera, ndipo ndaona anthu aluso akuduka zala. Sankaduka chifukwa cha umbuli ayi. Ankaduka tsiku limene abwera kuntchito atakwiya. Munthu wokwiya amaona chinthu chimodzi chokha, zina zonse zomuzungulira saziona. N'chifukwa chake woyendetsa sitima akaona nyali yofiira amaima, ngakhale njanji kutsogolo ikuoneka yoyera. Iye amaona pafupi, woyatsa nyaliyo amadziwa za kutali. Kwiya mmene ungathere, ndi ufulu wako. Lira, kana chakudya, usandilankhule sabata yonse. Koma manja akowo uwasunge m'thumba mpaka mtima uzizire."

Piyali anaponya chipande m'poto. Mphodza inathovukira pa malaya a a Kaku, ndipo iye anatuluka osapepesa.

2. Mlendo wa ku Kolkata

M'mawa mwake kunabwera bambo wina wonenepa, wa magalasi olendewera pa chingwe. Dzina lake anali a Mallik. Anali ndi sitolo ya zinthu zakale ku Kolkata, ndipo a Kaku ndi amene anawaitana.

Piyali anatumidwa kuphika tiyi. Anaika shuga wochepa dala.

A Mallik anatsegula bokosi lija ndi nsonga za zala. Anatulutsa injini ataikulunga ndi kampango, naitembenuza uku ndi uku. Piyali ataika kapu patebulo, iwo anasuntha bokosilo msangamsanga kulitalikitsa ndi tiyi, kenaka anapitiriza kuyang'ana mawilo.

"Sipuling'i ndi yake yomwe?"

"Sinathyokepo," anatero a Dadu. "M'nyumba muno timadziwa polekezera kiyi."

A Mallik anatchula marupi zikwi makumi asanu ndi atatu. A Kaku anawerengera pa zala. Zinali zokwanira mwini nyumba uja, n'kutsalako ya galimoto yonyamula katundu.

"Koma lero simuitenga," anatero a Dadu. "Mawa ivale maluwa ake omaliza m'nyumba muno. Mubwere masana."

"Palibe vuto, mawa ndibwera ndi ndalamazo m'manja."

Amayi a Piyali anachita manyazi ataona mmene injiniyo inakalikira.

"Pepani, yakalamba. Madzulo ano tiitsuka ndi sopo. Mwinanso tiipake kapenti pang'ono mokalikamo, poti aliyense akupenta zake za mawa."

A Mallik anatsamwa ndi tiyi.

"Mayi, ndakugwirani mwendo, musayerekeze. Ngakhale nsanza yonyowa isaikhudze. Chimene ndikugula ine ndi penti wakaleyu, pamodzi ndi zipsera zake zonse. Anthu a kuno mwandionongera zinthu zambiri ndi chikondwerero chanuchi. Chaka chatha munthu wina anandibweretsera wotchi ya agogo ake atainyezimiritsa ngati thireyi ya paukwati. Ndinangomupatsa ya basi."

"Nanga itapentedwa mungapereke zingati?" anafunsa Piyali ali pakhomo la khitchini.

A Mallik anaseka.

"Itapentedwa, mwana wanga, ukaigulitse pa sikelo pamodzi ndi zitini za mafuta."

Onse anaseka, kupatula Piyali. Anatola makapu n'kulowa nawo m'khitchini.

3. Penti wa a Nitai

Masana amenewo msewu wonse unkanunkha penti. Wa makina osokera anali kupukuta makina ake. Wometa anali kutsuka malumo. Pansi pa mtengo wa mango, a Nitai, amene ankayendetsa kabaza wa matayala atatu, anali kupaka njinga yawo penti wobiriwira ngati masamba a mpunga.

"Mdzukulu wa a injiniya," anatero atamuona Piyali. "Nkhope imeneyo ungasasitse nayo mkaka. Wakulanda nsomba ndani?"

"Mundigawireko penti, a Nitai."

"Ukufuna kupenta a Kaku ako? Pamenepo chitini chimodzi sichikwana."

"Ndi wa chitini cha maluwa."

Anamuthirira m'kachitini ka mkaka, n'kumubwereka bulashi yothothoka.

"Ameneyu ndi penti wa njinga, sachoka ndi madzi. Ukadontheza pa diresi, dzina langa usalitchule kwa amayi ako."

Kunyumba kunali zii. A Dadu anali atagona tulo tawo tamasana. Amayi anali kwa aneba kusenda ndiwo za chikondwerero. A Kaku anali pamphambano kulumikiza magetsi m'chisakasa mmene munaikidwa chifanizo cha Bishwakarma.

Popeza bambo ake kunalibenso, chaka chimenecho ntchito yotulutsa sitima ndi kuiyala pakatebulo inali ya Piyali. Palibe akanamufunsa chifukwa chake waitsitsa pakabati.

Anayala manyuzi akale pakhonde la kuseri. Anayamba ndi mabogi, limodzi limodzi. Bulashi inkasiya mizere ndi titsitsi, koma iye sanasamale. Malembo agolide a m'mbali anamira. Tizenera tojambula, mmene munali timitu ta anthu apaulendo, tinamira nato.

Injini anaisiya komaliza. Kumanzere kwake, pafupi ndi bowo la kiyi, panali malo pamene penti anatheratu, chitsulo chili mbee. Pamenepo anathirapo wambiri, n'kubwerezanso kachiwiri.

Atamaliza anaiyala pakatebulo pamodzi ndi njanji zake, n'kuvundikira ndi dengu lalikulu, pamwamba n'kuyalapo nsalu yofiira.

Panatsala manyuzi odontha penti, bulashi ndi kachitini. Ali mkati moganiza kobisa, anamva mawu mumsewu.

"Manyuzi akale! Mabotolo, zitsulo zakutha!"

Anali mkulu wina wogula zakutha, akukankha ngolo yake. Piyali anakulunga zonse m'nyuzi youma, n'kuzipanikiza m'bokosi la sitima lija, limene linali pansi lopanda kanthu. Anathamanga nalo kumsewu.

Mkuluyo analikoloweka pa sikelo yake ya m'manja n'kupukusa mutu.

"Kulemera kwake ngati nthenga. Tenga kandalama aka ukagule switi."

"Sindikufuna, ingotengani."

"Wachita mwayi wandipeza lero. Mawa sikelo nayo ivala maluwa. Mkuja m'mamawa lole ikubwera, mapepala onse ulendo wa kufakitale kukagayidwa."

Anaponya bokosilo pamwamba pa mulu n'kupitiriza kukuwa.

Madzulo a Dadu ananunkhiza mphepo.

"Nitai uja watipentera ndi mphuno zomwe," anatero.

Piyali anadya chakudya chake chonse osatsitsa maso.

4. Chala cha a Dadu

Tsiku la Bishwakarma linacha ndi ng'oma. Njinga yamoto ya a Kaku inaima pakhonde itavala nkhata ya maluwa achikasu. Pambali pake anayala mapulayala, masikuludiraiva ndi nyundo yakale ya a Dadu, chilichonse chili ndi kadontho ka ufa wofiira. Ana anali atayamba kale kuulutsa makaiti pamadenga.

Amayi anabweretsa mbale ya maluwa ndi zofukiza. A Kaku anawagwira dzanja a Dadu mpaka pakatebulo.

"Vundukula, Piyali," anatero amayi.

Piyali anachotsa nsalu, kenaka dengu.

Mbale ya maluwa inagwa pansi. A Kaku anabwerera m'mbuyo.

"Kwagwanji?" anafunsa a Dadu. "Bwanji nonse mwangoti duu?"

A Dadu anapapasa patebulo mpaka anaipeza injini. Anainyamula ndi dzanja lamanzere monga ankachitira chaka ndi chaka, chala chachikulu chikufunafuna malo ake pafupi ndi bowo la kiyi. Chinayenda kutsogolo, chinabwerera. Kenaka chinamatirira.

Anaiyandikitsa kumphuno.

"Wachita zimenezi ndani?"

"Ndine," anatero Piyali. Mawu ake anatuluka mokweza. "Tsopano palibe amene aigule. Ikhala pano."

"Pano pati?" anakuwa a Kaku. "Pano pati, iwe? Mwezi ukatha pano pakhala anthu ena. Ukaiyala pa pulatifomu ya kusiteshoni, amayi ako atagona pambali pa opemphetsa?"

"Inu mukanapeza njira ina mukanafuna."

"Ndazungulira tauni yonse ngati galu wosowa mwini. Ndapempha ndi kwa anthu amene sindiwapatsa moni. Iwe unali kuti? Unali kuphika tiyi wopanda shuga."

Anakweza dzanja. Amayi analowa pakati.

"Alamu, lero ayi. Pamaso pa zofukiza ayi."

Kenaka anatembenukira kwa mwana wawo, ndipo mawu awo anali otsika kuposa a a Kaku, koma ndi amene anamubaya.

"Unamva ndi makutu ako zimene ananena bambo aja. Unafunsa dala. Ine ndinkayesa ndi chibwana, osadziwa kuti ukuyeza pobaya."

"Ndi sitima ya bambo anga," anatero Piyali. "Nonse mwawaiwala. Malaya awo munapereka, nsapato munapereka, tsopano ndi iyi."

"Khala pansi," anatero a Dadu.

Piyali sanasunthe.

"Ndati khala pansi."

Anakhala. A Dadu anali akadagwira injini ija.

"Ukuti bambo ako. Bwera nacho chala chako, gwira apa. Ukumva chiyani? Palibe. Pamalo amenewa panali pamene penti anatha, chitsulo chili poyera, posalala ngati mwala wa mumtsinje. Ukudziwa chinasalaza pamenepo? Munthu ukamapukusa kiyi, injini umaigwira ndi chala ichi kuti isakupulumuke. Anayamba ndi bambo anga. Ndinabwera ine. Kenaka bambo ako, kuyambira ali kamwana koti kiyi ankaigwira ndi manja awiri, mpaka chaka chatha chomwechi akutsokomola. Zala zitatu pamalo amodzi. Ine maso anandithawa. Chithunzi cha mwana wanga chili pakhomapo sindichiona. Koma kamodzi pachaka ndinkaika chala changa pamene iye ankaika chake. Ndinawauza a Mallik kuti abwere masana, osati m'mawa, kuti ndikhale nayo m'manja maola angapo. Ndimafuna kutsanzikana naye bwinobwino. Wogula akanaitenga, inde, koma akanaisunga mmene inalili, ndipo ine ndikanadziwa kuti kwinakwake chala cha mwana wanga chikadalipo. Iwe wachita zimene mlendo sakanachita. Wamufufuta ndi penti wa kabaza."

Piyali anayang'ana injini. Pamalo aja panali chidindo cha chala cha a Dadu m'penti wosauma.

"Tingathe kuchotsa," anatero. "Ndi palafini."

"Safunsa anadya phula," anatero a Dadu. "Chochotsa penti watsopano chimachotsa ndi wakale yemwe. Ukanandifunsa dzana ndikanakuuza. Ukanandilalatira, ndikanakuyankha. Ukanalira, tikanalira tonse, chifukwa nanenso misozi ndinali nayo. Koma iwe unasankha nthawi imene ine ndagona. Chinthu chimene munthu amadikira kuti anzake agone ndiye achichite, amadziwa kale kuti n'cholakwa. Usadzandiuze kuti unachita chifukwa cha chikondi. Chikondi chimafunsa. Iwe unafuna kupambana mkangano, ndipo wapambana. Sitimayo ndi yako tsopano. Palibe akulande. Uziisunga."

Anaiika patebulo pang'onopang'ono. Panja ng'oma zinkalirabe.

5. Funso la a Mallik

A Mallik anafika dzuwa lili paliwombo, kachikwama kali kukhwapa, m'manja muli kabokosi ka maswiti a mkaka. Anavula nsapato pakhomo akumwetulira. Ataona patebulo, kumwetulira kunathera pomwepo.

Anavala magalasi. Anawavulanso.

"Ndinanena Chibengali chomveka, kapena ndinalankhula chinenero china?"

"Ndi mwana," anatero amayi.

"Mwana uti? Uyu wofunsa mafunsoyu?" Anamuyang'ana Piyali kuyambira kumutu mpaka kumapazi. "Sitima ngati iyi ndaionapo kawiri moyo wanga wonse. Yapulumuka chinyezi, yapulumuka dzimbiri, yapulumuka ana a mibadwo itatu. Iwe waimaliza masana amodzi."

"Simungapereke ngakhale theka?" anafunsa a Kaku.

"Theka la chiyani? Njanji ndi kasiteshoni ndingatenge, poti sanazikhudze, koma ndalama yake siyokwana n'kubwereka ngolo. Pepani, a Pramanik. Madzi akatayika saoleka."

Anawerama kuti avale nsapato. Kenaka anaima, nsapato imodzi ili m'manja.

"Bokosi lili kuti?"

"Bokosi lanji?" anafunsa a Kaku.

"Lake lomwe, la katoni, la chithunzi cha injini pachivundikiro. Musandiuze kuti nalo mwalipenta."

"Katoni yakutha ija?"

"Katoni yakutha ija ndi imene imasowa kuposa sitima. Malata amakhalitsa, koma pepala m'dziko la mvula ngati lino chiswe sichilisiya. Ndili ndi munthu ku Mumbai amene ali ndi sitima yonga iyi yopanda bokosi, ndipo wandivutitsa zaka zambiri. Bokosi, njanji ndi kasiteshoni, pamodzi ndingakupatseni pafupifupi theka la zija ndinanena."

A Kaku anawayang'ana amayi.

"Ndi theka, mwini nyumba uja ndingamugwire mwendo. Angatipatse chipinda chimodzi, china tidzalowe pambuyo."

Amayi anali atafika kale pakabati. Anapapasa pamwamba, anasuzumira kuseri, anayang'ana kunsi kwa bedi.

"Piyali, unaliika kuti?"

Piyali anaimirira.

"Ndinapereka."

"Kwa ndani?"

"Kwa wogula zakutha. Dzulo. Ndinaikamo manyuzi a penti ndi bulashi."

A Kaku anakhala pansi pomwe anaimapo, manja kumutu. A Mallik anaseka kuseka kopanda chimwemwe.

"Anakupatsa zingati?"

"Sindinalandire."

"Ndiye bwino, sunamudyere." Anavala nsapato inayo. "Ndigona kwa mlamu wanga pafupi ndi siteshoni. Sitima yanga inyamuka mawa chakumasana. Likapezeka louma, lopanda dontho la penti pachivundikiro, mundipeza. Likapanda kupezeka, musavutike n'kubwera."

Anasiya maswiti aja pakhomo n'kumapita.

6. Tsiku limene mawilo sayenda

Piyali anadikira kuti a Dadu akalipe. Sanakalipe. Anali atakhala pampando wawo, akupukuta chala chachikulu ndi nsonga ya nsalu yawo. Kubiriwira sikunkachoka.

"Munthuyo ukumudziwa dzina?" anafunsa.

"Ayi."

"Kumene amakhala?"

"Ayi. Koma anati lero sagwira ntchito. Lole ibwera mawa m'mamawa kudzatenga mapepala."

A Kaku anadzuka n'kuyang'ana njinga yawo yamoto, maluwa ali lende pa nyali yake.

"Baba, ndingoiliza kamodzi kokha. Mulungu amvetsa."

"Njinga imeneyo lero siyenda," anatero a Dadu. "M'nyumba muno mwalakwika zokwanira tsiku limodzi. Ndiponso si iwe unapereka bokosilo. Nkhope ya munthuyo akuidziwa ndi uyu."

Anatembenuzira nkhope kumene kunali kupuma kwa Piyali.

"Dzulo manja ako anathamanga. Lero ione miyendo ngati ingathe kuwapeza."

Piyali anavala nsapato zake za kusukulu. Amayi anathira madzi m'botolo osamuyang'ana, kenaka nawonso anavala nsapato zawo.

"Mtsikana sapita yekha kumayadi a zakutha," anatero. "Koma usandilankhule m'njira."

Pansi pa mtengo wa mango anapeza a Nitai atakhala pambali pa kabaza wawo wobiriwira, akudya mpunga wa mphodza pa tsamba.

"Mdzukulu wa a injiniya, bulashi yanga ili kuti? Chitini cha maluwa chija chakongola?"

"Ndinakunamizani, a Nitai. Ndinapenta sitima ya a Dadu."

A Nitai analeka kutafuna. Nawonso anali m'gulu la ana amene kale ankadzazana pakhonde lija.

"Ndi penti wanga?"

"Eya."

Anakankhira tsamba lija kumbali. Nthabwala zinawathera.

"Ukufuna chiyani tsopano?"

"Mkulu wa ngolo anadutsa dzulo uja. Amakatula kuti katundu wake?"

"Tsidya la njanji, kuseri kwa thanki ya madzi. Koma kumeneko mayadi alipo ambiri, ndipo aliyense ali ndi mulu wa mapepala wotalika kuposa nyumba yanu. Lero zipata n'zotseka, eniake ali kumowa wa chikondwerero." Anayang'ana kumwamba, kupyola makaiti, kumene mitambo yakuda inali kusonkhana mbali ya kummwera. "Ndipo milu imeneyo safunditsa."

Piyali anayang'ana kumbuyo kamodzi. A Dadu anali atatulutsa mpando pakhonde. Sitima yobiriwira inali pamiyendo pawo, ndipo chala chawo chinali chikuyendabe m'mbali mwa injini, chikufunafuna.

Dontho loyamba la mvula linagwa pa dzanja lake asanafike pa mlatho wowolokera njanji. Anasiya amayi ake m'mbuyo n'kuyamba kuthamanga.